Malamulo Olembera Mayina a Makemikolo m'Chichewa

Mlimi wa tiyi kwa Changata, m'boma la Thyolo, amagula feteleza ndi mankhwala a m'munda olembedwa m'Chingerezi, koma malangizo ake amawamva m'Chichewa. Motero womasulira ayenera kudziwa kuti mayinawa sangopekedwa ayi. Amatsata malamulo a bungwe la IUPAC, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1919.

Tanthauzo lalikulu lagona kumathero a dzina. Mathero akuti -ide kawirikawiri amasonyeza kuti zaphatikizana zinthu ziwiri zokha. -Ite amasonyeza kuti muli okosijeni wochepa, pamene -ate ndi okosijeni wochulukirapo. Sodium chloride, NaCl, ndi mchere wothira m'ndiwo, koma sodium chlorate, NaClO3, ndi mankhwala ophera udzu omwe angathe kupha munthu. Wophonya matherowo waika moyo wa mnzake pachiswe.

Choncho tikupereka maganizo awa:

1. Dzina libwerekedwe, ndipo pakati pa makonsonanti osayenderana m'Chichewa paikidwe vawelo: salufeti, naitireti.

2. Lembo la r lilembedwe potsatira e kapena i pokha, monga anenera malamulo a kalembedwe a Bungwe la Chichewa a mu 1990: yuleya, kololaidi.

3. Mathero atatuwo akhale -aidi, -aiti ndi -eti, osasakanizidwa: kololaidi, kololaiti, kololeti.

4. Zizindikiro zisamasuliridwe. K akhalebe K, ngakhale timati potaziyamu, pakuti adachokera ku dzina loti kalium.

Aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi ayese mayinawa m'kalasi ndi m'munda, kenaka atilembere.