Kompyuta imasiyanitsa bwanji a Banda onsewa?

Mutaima pa depoti ya basi ku Lilongwe n'kuitana kuti "a John Banda!", sindikukayika kuti atembenuka anthu angapo. Ndiye popeza ndimagwira ntchito ya makompyuta, anthu amakonda kundifunsa kuti makina a ku banki kapena a kogulitsira feteleza wotsika mtengo amadziwa bwanji kuti John Banda amene waima pawindoyu ndi wa ku Dedza, osati mnzake wa ku Mchinji.

Mapulogalamu otere amasunga mbiri za anthu m'chimene akatswiri amachitcha database. Ganizirani kaundula wa aphunzitsi. Mzere uliwonse ndi munthu mmodzi, ndipo pamzerepo pali madanga: dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma. Kasungidwe kameneka anakalongosola ndi Edgar Codd wa kampani ya IBM mu 1970. Mfundo yake inali yakuti chinthu chilichonse chilembedwe pamalo amodzi basi, ndipo makaundula osiyanasiyana azilumikizana ndi manambala. Midzi ikhale ndi kaundula wakewake, mudzi uliwonse ndi nambala yake, ndipo pamzere wa munthu pangolembedwa nambala ya mudziyo. Mudziwo ukasamutsidwira kwa mfumu yaikulu ina, mumakonza mzere umodzi, anthu onse a m'mudzimo akonzekera pomwepo.

Koma mwa madanga onse, limodzi liyenera kukhala losafanana ndi la munthu wina aliyense. Dzina silingagwire ntchitoyi, tsiku lobadwa nalonso ayi. N'chifukwa chake kalembera wa mu 2017, pamene bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, anapatsa aliyense nambala yakeyake pa chiphaso cha unzika. Kwa kompyuta, nambalayo ndiye inuyo.

Nanga imakupezani bwanji msanga pakati pa anthu onsewo? Ikati iziwerenga mzere ndi mzere kuyambira pamwamba, ndipo anthu mazanamazana akufunsa nthawi imodzi, mzere wa pa banki ungafike kumsewu. Apa ndi pamene pamalowa index. Amene anagwirapo buku la nyimbo kutchalitchi akuidziwa kale: ndi mndandanda uja wa mawu oyamba a nyimbo iliyonse, wosanjidwa motsatira alifabeti, wokuuzani nambala yoti mutsegule. Zinthu zikasanjidwa, simuyambira pachiyambi. Mumatsegula pakati, n'kuona ngati chomwe mukufuna chili kutsogolo kapena kumbuyo, n'kutaya theka. Kudula pakati chonchi, anthu 9 miliyoni amatha mukadula ka 24 kokha. Njira imene ma database ambiri amagwiritsa ntchito, yotchedwa B-tree, yomwe Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaitulukira ku kampani ya Boeing kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, imagawa m'magulu ambirimbiri nthawi imodzi, moti imafika pa munthu itangotsegula masamba atatu kapena anayi.

Index si yaulere. Imadya malo, ndipo munthu watsopano akalembedwa, nayonso iyenera kukonzedwa. Choncho opanga mapulogalamu amasankha madanga ochepa oti akhale nayo, makamaka nambala ndi dzina.

Pa dzinapo ndiye pagona nkhani. Index imatsata zilembo monga momwe zinatayipidwira. Mhango ndi Muhango ndi munthu mmodzi kumudzi, koma pamndandanda atalikirana. Nkhoma akalembedwa kuti Khoma, wasamuka kuchoka pa N kupita pa K, ndipo kalaliki wofufuza pa N anena mosanama kuti "bambo, dzina lanu mulibe". Ngakhale ŵ ndi w, kompyuta imaziona ngati zilembo ziwiri zosiyana, pokhapokha wopanga pulogalamu ataiuza kuti izizitenga ngati chimodzi. Gogo amene wayenda mtunda wautali kukagula feteleza n'kubwezedwa saona zonsezi. Iye amangoti makina amukana.

Ine mlandu waukulu ndimaupereka kwa ife opanga mapulogalamu. Tikudziwa kuti mayina athu amalembedwa mosiyanasiyana, ndipo njira zoti makina azibweretsa mayina omveka mofanana zilipo kalekale, kungoti zambiri, monga Soundex, zinapangidwira mayina a Chingerezi. Kukhala pansi n'kukonza yoyenera Mhango, Nkhoma ndi Ng'oma ndi ntchito imene tingaithe.

Pakadali pano, mukamalembetsa chilichonse, pemphani kalaliki akuwerengereni zomwe watayipa asanasunge, makamaka nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa. Ndipo akakuuzani kuti dzina lanu silikupezeka, musafulumire kutembenuka. Tulutsani chiphaso, muwapemphe afufuzenso pogwiritsa ntchito nambala.