Kodi mumadziwa?

Aitana Bonmatí, wosewera pakati wa timu ya mpira wa amayi ya Barcelona, anapata mphoto ya Ballon d'Or katatu motsatizana: mu 2023, 2024 ndi 2025. Anabadwa mu 1998, ndipo mpira anauyambira kwawo ku Sant Pere de Ribes akusewera ndi anyamata. Mu 2021 anamwetsa chigoli pomwe Barcelona inaswa Chelsea 4-0 n'kutenga chikho cha Champions League koyamba. Chogometsa n'choti mpira usanam'fike amakhala atacheuka kale, akudziwa woti am'patsire, moti om'tchinga amangotsala m'malere. Mu 2023 timu ya dziko lake la Spain itagonjetsa England 1-0 ku Sydney m'ndime yomaliza ya World Cup, iyeyu ndiye anasankhidwa kukhala katswiri wa mpikisano wonsewo.