Ulendo wa ku Joni Wopanda Chiphaso

Msika wa fodya ukatsekedwa, anyamata ambiri kuno ku Lisasadzi amayamba kukamba za ku Joni. Kapena mwana wanu ndi mmodzi wa iwo. Musanamuperekeze, dziŵani zimene zili panjira.

Kale azibambo athu ankapita ku migodi pa Wenela. Ankalembedwa maina, ndipo boma linkadziŵa kumene ali. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalaŵi oposa 70. Boma linaimitsa maulendowo. Anayambanso pa Theba, koma mu 1988 anatheratu. Tsopano munthu amadzionera yekha njira.

Basi imatuluka pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza. Imadutsa ku Tete ndi ku Zimbabwe, nikafika pa Beitbridge, pa mtsinje wa Limpopo. Apa ndiye pakhomo pa South Africa.

Kodi eni dziko amalonda bwanji pakhomopo? Mu 2020 anamanga mpanda wa waya wa makilomita 40 pafupi ndi Beitbridge. Mu 2023 anakhazikitsa bungwe la alonda a malire lotchedwa Border Management Authority. M'matauni apolisi amafunsa mapepala. Wopanda mapepala amakamsunga ku Lindela, ku Krugersdorp, mpaka tsiku lomubweza kwawo.

Kodi mpanda umaletsa anthu? Iyayi. Wayayo anthu anamudula pasanapite nthaŵi. Chipata chikavuta, anthu amadzera kutchire. Kumeneko kuli ng'ona za mu Limpopo ndi achifwamba otchedwa magumaguma. Owolotsa anthu nawo amakweza mtengo. Banja limagulitsa mbuzi, mwina ng'ombe imene.

Akafika, mavuto satha. Wopanda mapepala amalandira malipiro ochepa. Bwana akamubera, sangakadandaule kupolisi, poopa kumangidwa.

Zotere sizichitika kutali kokha. Anthu a ku Ethiopia amadutsa mobisala m'dziko lathu lino popita ku Joni komweko. Mu Okutobala 2022 apolisi anafukula mitembo pafupifupi 30 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Anati akukhulupirira kuti anali Aitiyopiya. Nawonso anasiya makolo kwawo.

Nanga mwana akaumirira, mutani? Ayambe wapeza pasipoti ku ofesi ya Immigration, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Adzere pachipata, amudindire chidindo. Mmalaŵi amapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo ndi ocheza chabe, si ogwira ntchito. Ntchito ili ndi chilolezo chakechake. Akapitiriza masikuwo, amaletsedwa kuloŵanso kwa chaka chimodzi. Akawonjeza masiku oposa 30, chiletso ndi cha zaka 5.

Inu tsopano mumatha kuŵerenga. Tsegulani pasipotiyo pamodzi ndi mwana wanu, mumusonyeze tsamba la chidindo. Muuzeni kuti akadindiridwa aŵerenge yekha tsiku lolembedwapo. Asadalire mawu a womuwolotsa.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa chiyani anthu amadzera kutchire?
2. Ndani amapindula chipata chikavuta?
3. Ndalama za ulendowu zingagwire ntchito yanji kuno kumudzi?