Nshawa Zathu pa Ulendo wa Panyanja

Alimi ambiri a ku Chipata, ku Katete ndi ku Lundazi amayesa kuti ntchito yawo yatha pamene thumba lakwera pa sikelo ndipo ndalama zalowa m'manja. Koma fodya, thonje ndi nshawa zina zimene tigulitsa sizithera m'misika ya ku Lusaka ayi. Zimatsekeredwa m'bokosi lalikulu lachitsulo lotchedwa kontena, nizipita ku doko kukakwera sitima ya pamadzi. Lero tifuna kulongosola za bokosi limeneli, makamaka pa nkhani ya nshawa, zimene anzathu a ku Malawi amati mtedza. Kopaletivi iliyonse yofuna kudzitumizira yokha katundu kutsidya la nyanja iyenera kudziwa kuti zimene zidzaoneka tsiku lotsegula bokosilo zimakonzedwa kuno kwathu, chitseko chisanatsekedwe.

Kale, Chipata akali kutchedwa Fort Jameson, katundu ankapita pa lole kukakwera sitima ya pamtunda ku Nyasaland, kunka ku Beira. Thumba lililonse linkanyamulidwa pamapewa kangapo m'njira, ndipo ena ankang'ambika, ena ankanyowa, ena ankangosowa. M'chaka cha 1956 munthu wina wa ku America, dzina lake Malcom McLean, anakweza mabokosi 58 pa sitima yotchedwa Ideal X, kuchokera ku Newark kupita ku Houston. Mabokosi a masiku ano anayambira pomwepo. Ofala ndi a mitundu iwiri, la mafiti 20 m'litali ndi la mafiti 40. Laling'onolo limanyamula nshawa zosenda matani 18 kapena kuposa pang'ono, ndiwo matumba ngati 360 a makilogalamu 50.

Taganizani za matumba 360 amenewo. Palibe mlimi wa khasu amene angawadzaze yekha. M'bokosi limodzi muli thukuta la mabanja ambiri, a m'midzi yosiyana, ndipo onsewo alowa m'mlandu umodzi ngakhale sadziwana.

Njira zopita ku nyanja zilipo zingapo. Ina idzera pa Mwami kulowa m'Malawi, pamene maboma awiri anatsegula ofesi imodzi ya pamalire mu Disembala 2022, nipitirira mpaka ku Nacala, doko lozama la ku Mozambique, ulendo woposa makilomita 1,000. Njanji yochokera ku Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, koma madzi a mvula akhala akudula njanji za m'njira imeneyi nthawi ndi nthawi, kotero wotumiza katundu ayambe wafunsa ngati sitima ikuyenda. Njira ina idzera ku Katete ndi pa Chanida, kuwoloka Zambezi ku Tete, kukafika ku Beira. Ena amazungulira ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Njira iliyonse, kuchokera tsiku lotseka bokosi kufikira tsiku lolitsegula kwa wogula, papita milungu yambiri, ndipo m'masiku onsewo palibe munthu wosuzumira m'kati.

Apa ndipo pali ngozi yaikulu, yoposa namondwe ndi mbava. Ngoziyo ndi madzi amene ali m'kati mwa nshawa zomwezo. Masana chitsulo chimatentha ndi dzuwa, nshawa nizituluka nthunzi. Usiku chitsulo chimazizira, nthunzi ija nisanduka madontho kudenga kwa bokosi, nigwera pa matumba monga momwe chivundikiro cha mphika chimadonthera. Bokosi lochoka kuno ku mapiri nthawi ya chisanu likaima pa doko lotentha, kenaka niliwoloka nyanja kupita ku dziko lozizira, mvula ya m'kati imeneyi imagwa usiku ndi usiku. Pamenepo chuku chimamera.

Chuku cha mu nshawa chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin. Anthu anamuzindikira mu 1960, pamene nkhukundembo zokwana ngati 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi nshawa zochokera ku Brazil. Poizoniyu amaononga chiwindi, sakutha ndi kukazinga, ndipo nshawa ikhoza kukhala naye ikuoneka yabwinobwino. Maiko a mu European Union salola nshawa zodya anthu kukhala ndi magawo oposa 4 pa magawo 1,000,000,000. Oyesa a pa doko amatapa pang'ono m'matumba angapo, ndipo akapeza kuti muyeso wapyola amakana bokosi lonse. Akuluakulu anati ikawola imodzi zawola zonse. Achikulire akumbukira kuti Chalimbana wathu, wa maso akuluakulu uja, ankagulidwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Chuku ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinatitsekera msika umenewo.

Tsono tinene mosabisa za chizolowezi chimene chili m'midzi yathu. Ena amawaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe posenda, ndipo ena amawaza dala kuti thumba lilemere pa sikelo. Munthu wotere apindula ndalama zochepa lero, koma waika moto m'bokosi la anzake onse. Nshawa zosenda zoyenera ulendo wa panyanja zisapitirire magawo 7 kapena 8 a chinyezi pa 100. Kuluma ndi dzino kapena kugwedeza kuti zilire sikukwanira. Kopaletivi igule kachipangizo koyesera chinyezi, niiyese thumba lililonse pamaso pa mwini wake. Zofufuzidwa, zosweka ndi zonyala zichotsedwe. Alangizi a zaulimi ndi a ku Msekera angathe kukuonetsani kaumitsidwe kabwino ka m'munda.

Bokosi lopanda kanthu likafika, musafulumire kupakira. Munthu mmodzi alowe m'kati, anzake namutsekera. Akaona kuwala kulikonse, ndiye kuti pali chiboo, ndipo bokosilo libwezedwe. Anunkhizenso, pakuti bokosi limene linanyamula mankhwala kapena nsomba limapatsira fungo. Pansi pakhale pouma. Yalani mapepala olimba pansi ndi m'mbali, pachikani timatumba toyamwa chinyezi, ndipo musapakire mvula ikugwa. Mukatseka, lembani nambala ya chidindo cha pa chitseko, nimujambule. Kulemera kwa bokosi kunenedwe koona, pakuti kuyambira pa 1 Julayi 2016 lamulo la panyanja likana kukweza kontena imene kulemera kwake sikunatsimikizidwe.

Wina angati, nanga si pali inshuwalansi? Ilipo, ndipo tikulimbikitsa kuigula. Mwini sitima amalipira zochepa kwambiri katundu akaonongeka, monga mwa malire a mapangano a maiko, ndipo pa kalata ya sitima amalemba kuti katunduyo anapakira ndi kuwerenga ndi wotumiza yekha, iye sanaone za m'kati. Inshuwalansi ya katundu ili m'magulu atatu, A, B ndi C. Gulu A ndilo liteteza zambiri, ndipo mwambo wake ndi kulembetsa mtengo wa katundu ndi kuonjezapo 10 pa 100. Koma werengani bwino pepalalo. Ngakhale gulu A silipira chinthu chimene chaonongeka chifukwa cha chilema chake chomwe, kapena chifukwa cha kupakira koipa, kapena chifukwa cha kuchedwa m'njira. Nshawa zimene zinalowa zonyowa zikachita chuku, a inshuwalansi adzati nthendayo inachokera kumudzi, ndipo sadzalakwa.

Kuchedwako nako kumachitika. Mu Malichi 2019 namondwe Idai anakantha Beira, misewu niiduka. Mu Malichi 2021 sitima yotchedwa Ever Given inapingasa mu ngalande ya Suez masiku 6, ndipo iyo yomwe sinaloledwe kuchoka ku Egypt mpaka mu Julayi. Kumapeto kwa 2023, sitima zitayamba kuomberedwa pa Red Sea, makampani ambiri anayamba kuzungulira ku Cape of Good Hope, ulendo nutalika ndi masiku 10 kapena kuposa. Nshawa zouma bwino zimapirira masiku oonjezera otere. Za chinyezi sizipirira.

Nkhani ya Ever Given itiphunzitsanso lamulo lina lakale la amalinyero lotchedwa general average. Sitima ikakhala pa ngozi, ndipo ndalama kapena katundu wina atayidwa kuti onse apulumuke, eni katundu onse amasonkha monga mwa mtengo wa katundu wawo, ngakhale bokosi lawo silinakhudzidwe konse. Wopanda inshuwalansi ayenera kuika ndalama za chikole asanapatsidwe bokosi lake. Wokhala nayo, kampani imamuimira.

Chotsala ndi kudziwa malo amene ngozi ichoka pa inu nipita kwa wogula. Amalonda a dziko lonse amalemba zimenezi ndi zilembo zitatu, monga mwa malamulo otchedwa Incoterms, amene anakonzedwanso mu 2020. Mukagulitsa pa FOB Nacala, katundu ali pamutu panu msewu wonse, pa malire ponse, mpaka atakwera m'sitima. Lole ikagubuduzika ku Mozambique, mwataya ndinu. Pa CIF inu mulipira sitima ndi inshuwalansi mpaka ku doko la wogula, koma ngozi imapita kwa iye pamene bokosi lakwera. Pa FCA Chipata, ngozi ichoka pa inu mukangopereka katundu kwa wonyamula amene wogula wasankha, kuno komwe. Mtengo wa FCA umakhala wotsika, koma kwa kopaletivi yongoyamba kumene ife tiona kuti ndiyo njira yanzeru. Chenjerani chinthu chimodzi: pangano linene poyera kumene nshawa zidzayesedwa. Likati zidzayesedwa ku doko la wogula, ndiye kuti chuku cha m'njira chidzabwerera kwa inu, zilembo zitatuzo zili chilembedwere.

Makalata akhale okonzeka lole isananyamuke: a kasitomu a ku Zambia Revenue Authority, chilolezo chotulutsira mbewu kunja, ndi kalata ya oyang'anira matenda a zomera a mu Unduna wa Zaulimi. Kontena ndi yobwereka, ndipo masiku aulere akatha, mwini wake amawerenga ndalama tsiku ndi tsiku, m'madola. Kalata ya sitima ija, imene Azungu amati bill of lading, ili ngati kiyi wa bokosi: woigwira ndiye atenga katundu. Musaitumize kwa wogula wachilendo pa lonjezo la pafoni, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pemphani kuti banki yake ilembe kalata yolonjeza kulipira ikaona makalata, kapena alipiretu gawo lina, ndipo kalata ya sitima idzere ku banki.