Ndege ikakana kutera, musatukwane woyendetsa

Ndidali pampando wa pawindo, lamba ali m'chiuno, ndege yathu ikutsika kuti itere pabwalo lina lalikulu la kunja. Matayala adali atatuluka kale ndipo ndimatha kuwerenga magalimoto mumsewu. Mwadzidzidzi mainjini adabangula, mphuno ya ndege idaloza kumwamba, tonse misana gwa! kumipando. Mayi wina kumbuyo adayamba kuitana Yesu.

Patapita kanthawi woyendetsa adatiuza kuti ndege ina idali isadachoke pamsewu woterapo, choncho tizungulira kaye. Bambo amene ndidakhala nawo pafupi, Mmalawi mnzathu wochita geni, adadandaula: "Achimwene, awa ndi ophunzira kapena? Basi indisiya ine chifukwa cha masewera amenewa!"

Tsikulo ndidangoseka nawo. Koma lero ndikadawayankha kuti bambo, thokozani Chauta kuti basi yokha ndiyo yakusiyani.

Abale anga, ambirife timaganiza kuti woyendetsa ndege amaona zonse ngati dalaivala wa minibasi. Ayi ndithu. Mumtambo, m'chifunga kapena usiku, iye amadalira munthu wina amene wakhala pansanja pabwalo la ndege, amene amamuuza pawailesi kuti tsika kufika pakuti, khota uku, tera pamsewu wakuti. Awiriwa saonana. Chowalumikiza ndi mawu ochepa a Chingerezi, ndipo lamulo ndi lakuti woyendetsa azibwereza zimene wauzidwa kuti wapansanja atsimikize kuti zamveka. Miyoyo ya anthu mazana imalendewera pa mawu amenewa.

Taonani zimene zidachitika ku India pa 12 Novembala 1996. Ndege ya Kazakhstan Airlines imatsika kuti ikatere ku Delhi, ndipo idauzidwa kuti ikhale pa mapazi 15,000. Ndege ya Saudi Arabia, mtundu wa Boeing 747, inali itangonyamuka ndipo idauzidwa kuti ilekezere pa mapazi 14,000. Wapansanja adachenjeza a ku Kazakhstan kuti kutsogolo kwawo kukubwera ndege ina pa 14,000. Koma iwo adapitiriza kutsika, ndipo ndege ziwirizi zidawombana pafupi ndi tauni ya Charkhi Dadri. Anthu onse 349 adafa. Ofufuza adati oyendetsa ndege ya Kazakhstan sadatsate zimene adauzidwa, ndipo adatchulanso kuperewera kwa Chingerezi chawo. Amene amalankhula ndi nsanja adali munthu wina wa wailesi, osati ogwira chiwongolero. Chipangizo cha rada cha ku Delhi nthawi imeneyo sichimaonetsa kutalika kwa ndege, motero wapansanja sakadadziwa kuti mawu ake agwera pamwala.

Ngozi ngati imeneyi ndi zimene zidachititsa bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO kulamula kuti kuyambira 2008 oyendetsa ndege zopita maiko ena ndi ogwira ntchito pansanja aziyesedwa Chingerezi.

Koma musaganize kuti Chingerezi chokha chikwanira, ngakhalenso kubwereza mawu ngati ana a sitandade wani. Pa 2 Januwale 2024, pabwalo la Haneda ku Tokyo, ndege yaing'ono ya asilikali olondera nyanja imanyamula thandizo kupita kwa anthu ovutika ndi chivomezi. Idauzidwa kuti ipite pamalo odikirira, pambali pa msewu, ndi kuti ndiyo nambala wani pamzere wonyamuka. Oyendetsa adabwereza mawuwo bwinobwino. Komabe adalowa mumsewu weniweniwo, poganiza kuti aloledwa. Ndege ya Japan Airlines imene imatera idawagunda. Anthu 379 a m'ndege yaikuluyo adatuluka amoyo isadapse yonse, koma asanu mwa anthu asanu ndi mmodzi a m'ndege yaing'ono adafa. Pakamwa padayankha zolondola, m'mutu mudali zina.

Nanga opulumuka amapulumuka bwanji? Pa 4 Febuluwale 2023, ku Austin m'dziko la America kudali chifunga chadzaoneni. Ndege yonyamula katundu ya FedEx idaloledwa kutera. Ili pafupi, wapansanja adalolanso ndege ya Southwest, mmene mudali anthu 128, kuti inyamukire pamsewu womwewo, poyembekeza kuti ichoka msanga. Iye sakadatha kuiona chifukwa cha chifungacho. A FedEx atamva zimenezi pawailesi mtima sudawakhale, ndipo adafunsanso ngati aloledwadi kutera. Adauzidwa kuti inde. Adapitiriza kutsika koma maso ali tcheru, ndipo wothandizira woyendetsa ataona chithunzithunzi cha ndege pansi pawo, adakweranso m'mwamba osadikira chilolezo cha wina aliyense. Ndege ziwirizi zidaphonyana ndi mapazi osapitirira 170. Tangoganizani, mtunda wosakwana theka la bwalo la mpira!

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Chidapulumutsa anthu ku Austin ndi munthu amene adamva "inde" wa wamkulu koma sadatseke maso. Adafunsa, adakayika, ndipo zitafika povuta adakana kutera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ife kuno kwathu tidaleredwa kuti wamkulu akalankhula uziti "inde bwana" ngakhale sudamve. Kufunsa kawiri timati ndi mwano, kapena timaopa kuoneka mbuli. Ulemu ndi wabwino, sindikukana, koma m'chipinda cha woyendetsa ndege ndi pansanja ulemu wotere umapha. Kumeneko mnyamata wolembedwa dzulo ayenera kukhala ndi mphamvu youza mkulu wa imvi kuti "bwana, sindidamve, bwerezani," kapenanso kuti "bwana, mwalakwitsa." Ndipo mkuluyo asakwiye.

N'chifukwa chake ndikuti amene amasamala za mabwalo athu a Kamuzu ndi Chileka aziwaona anthu a pansanja ngati madokotala. Sitiwaona, sitiwadziwa maina, ndipo nduna ikamatsika ndege palibe amawaombera m'manja. Koma afunika maphunziro obwerezabwereza, mawailesi omveka bwino, magetsi osazimazima ndi nthawi yokwanira yopuma, pakuti munthu wotopa amamva zimene akufuna kumva. Chinanso, amene waphonya pang'ono n'kuulula yekha asamathamangiridwe ndi chikwapu. Mukamulanga, mawa anzake adzabisa, ndipo tidzadziwa za vutolo tsiku lonyamula maliro.

Kwa inu apaulendo anzanga, pempho langa ndi laling'ono. Kukweranso m'mwamba ndege itatsala pang'ono kutera ndi chinthu chimene oyendetsa amaphunzira ndi kuyeserera kawirikawiri. Sikulephera ntchito. Tsiku lina zikadzakuchitikirani, mtima udzagunda, mwina mudzachedwa ku msonkhano kapena basi idzakusiyani. Musadzatukwane. Kutsogoloko kudzakhala kuli munthu amene waona kuti mawu amene wamva sakugwirizana ndi zimene maso ake akuona, ndipo wasankha kukutayitsani mphindi khumi ndi zisanu.

Ife tsiku lija tidazungulira kamodzi n'kutera bwinobwino. Bambo aja adatsika akung'ung'udzabe, chikwama paphewa, kuthamangira basi yawo ndi miyendo yawo iwiri.