Botolo limodzi silinena za Kafue yense

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yoyeza madzi, funso lawo limakhala limodzi: "Nanga madziwa ndi abwino kapena ayi?" Ena amabwera nawo madziwo m'botolo lomwe munali zakumwa, n'kuliimika patebulo, kudikira kuti ndiliyang'ane padzuwa ndipereke chigamulo. Ndikayamba kufunsa kuti mwatunga pati, liti, mvula itagwa kapena isanagwe, amaganiza kuti ndikuzemba. Sikuzemba ayi. M'ntchito yathu, madzi osadziwika malo ndi tsiku lomwe atungidwa sanena kanthu. Lero ndikulowetsani m'ntchitoyi, kuti mukamamva pawailesi zoti madzi ayezedwa, muzidziwa chofunsa.

Tiyambe ndi mtsinje weniweniwo. Kafue amayambira kumalire a Zambia ndi Congo, n'kudutsa ku Chililabombwe, Chingola ndi Kitwe. Amapitirira m'mbali mwa dambo la Lukanga, kulowa m'nkhalango ya Kafue National Park, kudzaza damu la Itezhi-Tezhi, n'kukathira mu Zambezi pafupi ndi Chirundu, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,600. Mipopi ya ku Kitwe imadalira iyeyu. Mtsinje wa Kafubu wa ku Ndola umathira momwemu. Ngakhale wa ku Lusaka akamatsegula mpopi, gawo lina la madziwo lapopedwa mu Kafue. Chomwe tataya kuno kumigodi sichithera kuno.

Tonse tinaziona zimenezi pa 18 Febuluwale 2025, pomwe khoma la damu losungiramo zotsalira za mkuwa la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Matope a asidi anasefukira mumtsinje wa Mwambashi n'kulowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zitafa mpaka makilomita oposa 100 kumunsi, chimanga ndi mtedza za m'mphepete zinapserera, ndipo a Nkana Water anatseka madzi mumzinda wa Kitwe. Ndege za asilikali zinathira laimu mumtsinje pofuna kupha mphamvu ya asidiyo.

Kenako inabwera nkhondo ya manambala. Poyamba kunanenedwa kuti anatayika malita pafupifupi 50 miliyoni. Patapita miyezi, kampani ya ku South Africa ya Drizit, yomwe inalembedwa ntchito yofufuza za ngoziyi, inati zinyalalazo zinaposa matani 1.5 miliyoni, kuchulukitsa pafupifupi ka 30, ndipo a Sino-Metals anatsutsa. Ambiri anandifunsa kuti akatswiri angasiyane bwanji chonchi. Chifukwa china n'chakuti woyeza amafika madzi atapita kale. Amadalira dzenje lomwe latsala m'damu, matope omwe akhalira m'minda ndi m'magombe, komanso zolembedwa za momwe mtsinje unalili ngozi isanachitike. Zolembedwazo zikakhala zoperewera, mpata wa mkangano umakula. Migodi ikuluikulu ya kuno yakhala ikugwira ntchito kuyambira cha m'ma 1930. Ukapeza mkuwa m'matope a Kafue lero, ungadziwe bwanji kuti uwu ndi wa chaka chatha, uwu ndi wa nthawi ya atsamunda, ngati palibe amene ankayeza?

N'chifukwa chake gawo lalikulu la ntchito yathu ndi lotopetsa, losafika m'nyuzipepala. Timabwerera pamalo omwewo, mwezi ndi mwezi, dzinja ndi chilimwe, ngakhale kulibe ngozi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikafika pamtsinje, zina timayezera pomwepo chifukwa zimasintha madzi akangolowa m'botolo. Choyamba ndi pH, muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi. Umayambira pa 0 kulekeza pa 14, ndipo 7 ndiye pakati. Madzi akumwa amayenera kukhala pakati pa 6.5 ndi 8.5, pomwe madzi a mandimu ali cha pa 2. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kutsika ndi nambala imodzi ndiye kuti asidi wachuluka kakhumi. Kuchoka pa 7 kufika pa 4 sikutsika pang'ono ayi: asidi wachuluka ka 1,000. Chachiwiri, timaona momwe madziwo akudutsitsira magetsi, chifukwa madzi osungunukiramo mchere ndi zitsulo zambiri amadutsitsa magetsi mosavuta. Kachipangizo kathu kakasonyeza nambala yokwera kumunsi kwa ngalande kuposa kumtunda kwake, timadziwa kuti ngalandeyo yabweretsa kanthu, ngakhale tisanadziwe kuti n'chiyani. Chachitatu ndi mpweya wa okosijeni womwe nsomba zimapuma.

Pano pali msampha wina wa kuno kwathu. Miyala yambiri ya ku Copperbelt ndi ya mtundu wa laimu, ndipo imapha asidi mwachilengedwe. Choncho pH ya Kafue nthawi zambiri imaoneka yabwino ngakhale m'malo momwe mkuwa, cobalt ndi manganese zachuluka. Munthu akakuuzani kuti pH yabwerera m'malo mwake, wanena zoona, koma sananene kuti madzi ndi abwino kumwa.

Zitsulo zimayezedwa ku labotale, ndipo ntchito imalimba kapena kuonongeka pa katungidwe. Botolo timalitsuka katatu ndi madzi a pamalopo. Timaimirira moyang'ana kumtunda kuti matope omwe mapazi athu avundula asalowemo. Madzi ena timawasefa ndi kasefa kamabowo osaoneka ndi maso, ena timawasiya osasefa, pofuna kusiyanitsa chitsulo chosungunuka ndi chomwe chamatirira kumatope. Timadonthezamo asidi pang'ono kuti zitsulo zisakakamire kukhoma la botolo, n'kulemba malo, tsiku ndi ola, n'kuliika m'bokosi la ayezi. Pamodzi ndi mabotolowo timanyamulanso lina la madzi oyeretsedweratu. Likafika ku labotale n'kupezeka ndi mkuwa, ndiye kuti taipitsa ndife panjira, ndipo zotsatira za ulendo wonsewo n'zokayikitsa. Malire omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika ndi ang'ono zedi: mamiligalamu 2 a mkuwa pa lita imodzi, ndipo mtovu ndi arsenic ndi 0.01 basi. Pa milingo yotere, chala chimodzi chakuda chikhoza kusintha yankho.

Komabe nambala ya m'botolo payokha ndi theka la nkhani. Supuni ya mchere imawawitsa ndiwo za m'poto, koma mumgolo wa madzi simungaimve. Tiyenera kudziwanso kuchuluka kwa madzi omwe akuyenda. Mwina munaonapo timatabwa ta manambala tozikidwa m'mphepete mwa mtsinje. Ndi miyeso ya msinkhu wa madzi, ndipo malo ngati Raglan Farm kumtunda kwa migodi, Smith's Bridge pafupi ndi Kitwe ndi Machiya Ferry kumunsi ndi odziwika kwa aliyense wa ntchito yathu. Timayeza kutambalala ndi kuya kwa mtsinje, n'kuviika kachipangizo koyeza liwiro la madzi. Tikaphatikiza zimenezi ndi zotsatira za ku labotale, timadziwa kuti ndi makilogalamu angati a chitsulo omwe akudutsa pamalopo patsiku. Ngalande yomweyo ikhoza kuoneka yosalakwa mu Febuluwale mtsinje utadzaza, n'kukhala yoopsa mu Okutobala madzi ataphwa. M'chilimwemo, gawo ndithu la madzi a Kafue limachokera pansi pa nthaka kumgodi wa Konkola ku Chililabombwe, umodzi mwa migodi ya madzi ambiri padziko lonse, komwe amapopa malita oposa 300 miliyoni tsiku lililonse kuti anthu athe kugwira ntchito pansipo.

Nanga laimu uja anathiridwa ndi ndege? Anathandiza, chifukwa asidi anachepa. Koma laimu sachotsa chitsulo mumtsinje. Amangochititsa kuti chichoke m'madzi n'kukhazikika pansi. Chimakhala m'matopemo kudikira chigumula choti chichivundule, kapena asidi wina woti achisungunulenso. Mlamba umadya pansi pomwepo. Alimi a madimba amathirira ndiwo zamasamba ndi madzi omwewo, pa dothi lomwe matopewo anakhalira. N'chifukwa chake timatapanso matope, dothi, masamba ndi nsomba. Madzi akhoza kuyera m'milungu yochepa, koma matope amasunga mlandu zaka zambiri.

Mboni zomwe ndimazikhulupirira kwambiri ndi tizilombo ta pansi pa miyala. Timaika ukonde wa mabowo ang'ono m'madzi, n'kuvundula miyala ndi mapazi kumtunda kwake, n'kukhuthulira zomwe takola m'mbale yoyera. Pamalo abwino mbaleyo imachita piringupiringu: nkhanu zing'onozing'ono, ana a tombolombo, tizilombo ta michira itatu tothamanga cham'mbali, ndi tina tomwe timadzimangira tinyumba ta mchenga n'kumayenda nato. Pamalo oipitsidwa ndi zonyansa za m'zimbudzi mumatsala timphutsi tofiira topirira madzi opanda mpweya. Pomwe padutsa chiphe champhamvu, mbale imakhala zii. Botolo limanena za mphindi yomwe latungidwa, koma tizilomboti timakhala pamalopo miyezi yambiri. Wina akatsegula ngalande usiku n'kuitseka kusanache, botolo la masana silidziwa kanthu, koma tizilombo tomwe tasowa timaulula.

Ku Ndola nkhani ndi ina. Mzindawu wakhala pa miyala ya laimu yomwe madzi amaisungunula pang'onopang'ono, n'kusiya ming'alu ndi mapanga pansi. Nyanja ya Chilengwa kufupi ndi Ndola ndi ya Kashiba ku Mpongwe zinapangika denga la mapanga otere litagwera mkati. Miyala yotereyi imasunga madzi ambiri, koma siisefa. Mumchenga madzi amayenda mwapang'onopang'ono n'kumayeretsedwa, pomwe m'ming'alu amangothamanga ndi zonse zomwe anyamula. Chimbudzi chokumba cha nyumba ina chikhoza kulumikizana ndi chitsime cha nyumba ina popanda wodziwa. Kumeneko timasaka kwambiri majeremusi a E. coli, omwe amakhala m'matumbo a anthu ndi nyama. Timasefa mamililita 100 a madzi, n'kuika kasefako pamalo ofunda usiku ndi usana umodzi, n'kuwerenga timadontho tomwe tamera. Madzi akumwa sayenera kukhala ndi kadontho ngakhale kamodzi. Zitsime zambiri zomwe zimalephera mayesowa madzi ake amakhala oyera mbee, ozizira bwino, okoma pakamwa. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Okutobala 2023 n'kupha anthu oposa 700 m'dziko muno unatikumbutsa mtengo wa madzi otere.

Apa mpofunika kusiyanitsa bwino, chifukwa ambiri amasokoneza. Kuwiritsa madzi ndi kuthira klorini kumapha majeremusi, ndipo wa chitsime cha ku Ndola asaleke kutero. Koma moto supha mkuwa kapena mtovu. Mukawiritsa madzi a zitsulo, nthunzi imapita, zitsulo n'kutsala m'madzi ochepa, zochuluka kuposa poyamba. Madzi a mtsinje womwe mwalowa zotsalira za mgodi alibe mankhwala a pakhomo. Asiyeni mpaka ayezedwe, ndipo nsomba zomwe mwazipeza zitafa zokha musadye kapena kugulitsa.

Pali amene amati walira mvula walira matope, ndiye wofuna ndalama za mkuwa apirire zinyalala zake. Mkuwa tikuufunadi, ndipo makolo a ambiri mwa ife anachoka ku Chipata, ku Katete ndi ku Malawi kudzaukumba. Koma matope a mgodi ali ndi mwini wake, ndipo malamulo amati awasunge. Anthu a ku Chingola anaonetsa zimenezi. Mtsinje wa Mushishima utaipitsidwa mu Novembala 2006, anthu a m'deralo anasumira kampani ya Konkola Copper Mines kukhoti lalikulu n'kupambana mu 2011. Mu Epulo 2019, khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linalola anthu a m'midzi ya kumeneko oposa 1,800 kuti asumire ku London kampani ya Vedanta, mwini wake wa Konkola Copper Mines. Milandu yotere imaima pa umboni, ndipo umboni wa madzi ndi manambala okhala ndi malo ndi tsiku.

Mabungwe oyang'anira alipo: ZEMA ya zachilengedwe ndi WARMA ya zamadzi, onse okhazikitsidwa ndi malamulo a 2011, kuphatikizapo Nkana Water, Kafubu Water ndi akatswiri a ku Copperbelt University ku Kitwe. Chomwe ndikupempha n'chakuti kuyeza kwa mwezi ndi mwezi kupatsidwe ndalama ngakhale m'zaka zopanda ngozi, ndipo zotsatira zizikhomedwa poyera kukhonsolo ndi kuzipatala, m'zilankhulo zomwe anthu amamva.

Inu owerenga muli ndi mbali yanu. Mukaona nsomba zikuyandama, madzi asintha mtundu kapena fungo, lembani tsiku, ola ndi malo, jambulani ndi foni, ndipo kaneneni kwa khansala kapena ku ZEMA tsiku lomwelo madzi asanapite. Ndipo wina aliyense akadzakuuzani kuti madzi ayezedwa ndipo ali bwino, kaya ndi wa kampani, wa boma kapena ine amene, mufunseni kuti anatunga pati, liti, anayeza chiyani, ndipo matope anawayeza kapena ayi. Woyeza moona sakwiya ndi mafunso amenewa.