Katoni wamba imapulumutsa mphaka wamantha

Kumalo osungirako ziweto zosowa mwini, monga ku Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, kumabwera amphaka amitundumitundu. Ena amatoledwa mumsewu, ena amasiyidwa ndi mabanja omwe akusamuka, enanso ndi ana amphaka opezeka m'ngalande. Mwa onsewa, amene amadetsa nkhawa osamalira si uja wolira ndi kukanda chitseko ayi. Ndi uja wangoti phee pakona ya khola, makutu atagona, maso ali tong'o, chakudya osachikhudza. Mlendo angamuyese wofatsa, koma mphaka wotereyu wagwidwa ndi mantha, ndipo manthawo angathe kumudwalitsa.

Chifukwa chake chili m'chibadwa. Mphaka ndi mlenje wa makoswe, koma nayenso amasakidwa ndi zilombo zazikulu. Akaona zoopsa amathawa, kukwera pamwamba kapena kubisala. Tsono m'khola lachilendo, momwe agalu akuuwa pafupi ndiponso manja osawadziwa akulowa ndi kutuluka, njira zitatu zonsezi zimakhala zotsekeka.

Ife a zachipatala timadziwa kuti nkhawa yokhalitsa imafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo kwa mphaka n'chimodzimodzi. Amphaka ambiri amakhala ndi kachilombo ka herpes ka amphaka komwe kamangogona m'thupi osaonetsa zizindikiro. Mantha akakula kachilomboka kamadzuka, mphaka n'kuyamba kuyetsemula, kutuluka mamina ndi manthongo, kenaka chimfinecho n'kufalikira makola ena. Mphuno ikatseka samvanso fungo la chakudya, choncho amasiyiratu kudya. Mphaka akakhala masiku angapo osadya, mafuta amaunjikana m'chiwindi, ndipo matenda amenewa amapha. Pali vuto linanso: anthu ofuna chiweto amadutsa khola la mphaka wozizidwa n'kusankha wosewera. Wamanthayo amakhalitsa, ndipo akamakhalitsa mpata woti adwale umakulanso.

Mankhwala oyamba a vutoli ndi otchipa modabwitsa. M'chaka cha 2014, Claudia Vinke ndi anzake a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amphaka 19 ongofika kumene pamalo ena osungirako ziweto. Amphaka 10 adapatsidwa bokosi lobisalamo, 9 sadapatsidwe. Omwe adali ndi bokosi adali atakhazikika pofika tsiku lachitatu, pomwe anzawo zidawatengera pafupifupi masabata awiri. Anthu ena amaopa kuti mphaka akapatsidwa pobisala azingokhala momwemo osazolowera anthu. Zoona zake n'zakuti mphaka amene akudziwa kuti ali ndi kothawira ndiye amalimba mtima kutuluka.

Katoni ya sopo kapena ya mafuta ophikira ndi yokwanira. Iboolereni khomo m'mbali, muyalemo kansalu, ndipo khomolo lisayang'ane kumene anthu amadutsa. Ikakhala yolimba, mphaka amathanso kukwera pamwamba pake n'kumaona zochitika ali pamalo okwera. Bungwe la BC SPCA ku Canada lidapanga bokosi lotere lotchedwa Hide, Perch & Go, lomwe limapindidwa n'kukhala chonyamulira tsiku lomwe mphaka wapeza mwini, kuti akafike kunyumba yatsopano ali ndi fungo lomwe walizolowera. Pomwe palibe katoni, kuphimba theka la khola ndi chitenje kumathandiza.

Fungo ndi nkhani yaikulu kwa mphaka. Akamadzikhula masaya pazinthu amakhala akusiyapo chizindikiro choti pano m'pakwathu. Wosamalira akamachotsa zonse m'khola tsiku ndi tsiku n'kutsuka ndi mankhwala onunkha, mphaka amadzuka m'mawa uliwonse ali mlendo. N'kwabwino kungochotsa zonyansa, kusintha madzi, n'kusiya kansalu kake ngati sikadade. Kutsuka kotheratu kuchitike pamene khola likulandira mphaka wina. Mbale ya chakudya ndi ya madzi zikhale kutali ndi beseni la mchenga lomwe amadzithandiziramo, poti mphaka sakonda kudyera pafupi ndi chimbudzi chake. Makola a amphaka atalikirane ndi a agalu, ndipo chakudya chizibwera nthawi yofanana, makamaka ndi munthu yemweyo.

Malo akakonzeka, chotsatira ndi kumuzoloweretsa munthu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawuwa akugwira ntchito pano. Musamutulutse m'katoni mokakamiza. Khalani pansi chammbali, lankhulani motsitsa, ndipo musamuyang'anitsitse m'maso chifukwa kwa iye kutero n'kuopseza. M'malo mwake phethirani pang'onopang'ono. Ofufuza a ku yunivesite ya Sussex ku England adapeza m'chaka cha 2020 kuti amphaka amayandikira mosavuta munthu wachilendo amene wawaphethirira motere. Ikani kachidutswa ka nsomba kapena ka nyama yophika pafupi ndi khomo la katoni, n'kuchokapo. Mawa lake muike patsogolo pang'ono. Tsiku lomwe adzadye inu muli pompo, dziwani kuti ntchito yayenda.

Akayamba kununkhiza dzanja lanu, musisiteni pamasaya ndi pansi pa chibwano, osati pamimba. Kusisitaku kuli ndi phindu lenileni m'thupi. Nadine Gourkow adachita kafukufuku pamalo osungirako ziweto ku Vancouver, yemwe adafalitsidwa m'chaka cha 2014. Amphaka ankhawa omwe ankasisitidwa ndi kulankhulidwa mofatsa kangapo patsiku kwa masiku 10 adapezeka ndi chitetezo chochuluka m'thupi, ndipo ochepa okha ndiwo adadwala chimfine poyerekeza ndi omwe sadasisitidwe. Masewera nawonso ndi ofunika. Nthenga za nkhuku zomangirira kukamtengo zimadzutsa mtima wa ulenje, ndipo mphaka amene wayamba kusaka amaiwala mantha kwakanthawi.

Komabe si mphaka aliyense angawetedwe. Nthawi yomwe mwana wa mphaka amaphunzira kukhulupirira anthu ndi kuyambira sabata yachiwiri kufikira yachisanu ndi chiwiri chibadwireni. Wamkulu amene adakulira kutchire osagwidwapo ndi munthu amangozunzika m'khola. Mabungwe ambiri amasankha kumubaya katemera wa chiwewe, kumuchita opaleshoni yoletsa kubereka, n'kumubwezera komwe adamupeza ngati kuli chakudya ndi pogona.

Zonsezi zikukhudzanso makomo athu. Ambiri timatenga mphaka kuti ateteze chimanga ku makoswe, koma tsiku loyamba lomwelo ana amamuthamangitsa, ena amamugenda pomuganizira zaufiti, ndipo akathawa timati ndi wolusa. Mphaka watsopano asungidwe m'chipinda chimodzi chabata muli katoni, madzi, chakudya ndi mchenga, mpaka ayambe kutuluka yekha. Akatha masiku awiri osadya, funsani alangizi a ziweto, ndipo musamupatse Panado chifukwa kwa mphaka ndi poizoni.

Mphaka wopanikizidwa pakona ndiye amaluma ndi kukanda, ndipo mano ake osongoka amalowetsa majeremusi mkati mwenimweni mwa mnofu. Wina akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone ngati pakufunika katemera wa chiwewe. Koma kulumidwa kochuluka kumapeweka pophunzitsa ana lamulo limodzi: mphaka akalowa m'katoni yake, musiyeni, atuluka yekha.